Kumvetsa nkhani pa mayeso: yankho lili m'nkhani momwemo

Anthu ambiri amene amagwa pa gawo la kumvetsa nkhani pa mayeso a m'Chingerezi amene masukulu aukachenjede akunja amafuna, ngati IELTS, SAT kapena GRE, amati vuto lawo ndi liwiro. Amadandaula kuti nthawi inawathera. Inathadi, koma mukafufuza kumene inapita, mupeza kuti siinathere powerenga nkhani. Inathera pobwerera m'nkhanimo kasanu kukasaka chinthu chimene maso anachidumpha poyamba, ndiponso pozengereza pakati pa mayankho awiri ooneka ngati onse ndi olondola.

Tiyeni tiwerengetsere. Pa IELTS ya Academic, yomwe ndi ya ofuna kukachita maphunziro apamwamba, mumapatsidwa nkhani zitatu, mafunso 40 ndi mphindi 60. Mawu onse a nkhani zitatuzo amakhala pakati pa 2,150 ndi 2,750. Mu 2019 Marc Brysbaert anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri ndipo anapeza kuti munthu wamkulu wowerenga Chingerezi chamumtima amawerenga mawu pafupifupi 238 pa mphindi ngati nkhaniyo si yopeka. Tinene kuti Chingerezi si chiyankhulo chanu chobadwa nacho ndipo mumangokwanitsa mawu 150 pa mphindi. Mawu 2,750 muwamaliza m'mphindi 18 kapena 19, n'kutsala ndi mphindi zoposa 40 za mafunso 40. Nthawi yowerenga nkhani kamodzi modekha ilipo. Imene palibe ndi yowerenga katatu mtima uli m'mwamba.

N'chifukwa chake sindilimbikitsa maphunziro amene amalonjeza kuti muziwerenga mawu 1,000 pa mphindi. Keith Rayner ndi anzake anaunika nkhani imeneyi mu 2016 ndipo anasonyeza kuti liwiro likakwera kwambiri, kumvetsa kumatsika. Maphunziro otere amaletsanso kubweza maso m'mbuyo, chonsecho kubwerera pa mawu amene wangodutsa ndi njira imene ubongo umakonzera pamene wamva molakwika. Kuthamanga si kufika. Liwiro lenileni limabwera lokha mawu akakhala odziwika ndiponso kapangidwe ka nkhani kakamaoneka msanga.

Zimene muyenera kuchita powerenga koyamba

Powerenga koyamba musafune kuloweza chilichonse. Mayina, zaka ndi manambala zikhalabe papepala pomwepo, ndipo mudzazipeza funso likazifuna. Chimene mukufuna ndi kudziwa ntchito ya ndime iliyonse. Mukamaliza ndime, imani masekondi asanu n'kulemba pambali mawu atatu kapena anayi: "ganizo lakale", "umboni wotsutsa", "chitsanzo cha mbalame", "wolemba akukayika". Ngati mayeso ndi a pakompyuta, lembani pa pepala limene akupatsani: 1, 2, 3, ndime iliyonse ndi timawu take. Mukafika kumapeto muzikhala ndi mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yokuuzani kumene chinthu chilichonse chili. Kenako dzifunseni funso limodzi lokha: wolembayu akufuna ndivomereze chiyani? Ngati simungayankhe m'chiganizo chimodzi, musapite kumafunso. Werenganinso ndime yoyamba ndi yomaliza.

Kulemba mizere kunsi kwa mawu ambiri sikuthandiza. Munthu amene wadetsa theka la tsamba ndi pensulo sanasankhe chilichonse. Ngati mukufuna kuzunguliza kanthu, zungulizani alumikizi amene amatembenuza ganizo. M'Chingerezi ndi mawu ngati however, although, yet, despite ndi nevertheless, ndipo ntchito yawo ndi yofanana ndi ya "koma", "komabe" ndi "ngakhale". Mafunso ambiri amachokera pa ziganizo zotsatira mawu amenewa, chifukwa pamenepo m'pamene wolemba amasiya kufotokoza za ena n'kuyamba kunena zake. Zungulizaninso mawu ochepetsa kapena okulitsa mphamvu ya chiganizo: some, most, often, may, only, always. Kusiyana kwa "ena" ndi "ambiri" kapena kwa "mwina" ndi "ndithu" ndi kumene kumalekanitsa yankho lolondola ndi lolakwika.

Chinthu china chimene chimagwetsa ngakhale owerenga bwino ndi kusadziwa amene akuyankhula. Nkhani za pa mayeso zimakonda kuyamba ndi maganizo amene wolemba sakugwirizana nawo. Ndime yonse yoyamba ikhoza kufotokoza bwinobwino zimene "akatswiri ambiri akhala akukhulupirira", ndiye ndime yachiwiri n'kubwera kudzazigumula. Wowerenga mothamanga amatenga ndime yoyambayo ngati mfundo yaikulu, ndipo mafunso atatu kapena anayi amapita limodzi ndi cholakwa chimodzicho. Pa chiganizo chilichonse chokhala ndi maganizo, dziwani mwini wake: wolemba, munthu amene wolemba akumutsutsa, kapena wina amene wangotchulidwa ngati mboni.

Chiganizo chikatalika mpaka mizere inayi, chivuleni. Pezani mwininkhani ndi mneni wake wamkulu, dumphani kaye zonse zimene zili pakati pa mipatuliro (commas) iwiri, muwerenge mafupa okhaokha. Mukamva amene wachita ndi chimene wachita, bwezeretsani zotsalazo chimodzichimodzi. Chitaninso chimodzimodzi ndi alowam'malo. Mukakumana ndi this, it, they kapena such a view, lozani ndi chala chimene akuimira. Mukalephera kuloza, ndiye kuti ulusi wa nkhani wakudukirani pomwepo, ndipo kupitirira kuwerenga kungokuonjezerani chisokonezo.

Tione pa kankhani kamodzi

Nayi ndime yaifupi ya mtundu umene umapezeka pa mayeso.

"Mu 1912 Alfred Wegener ananena kuti makontinenti anali mtunda umodzi kalekale ndipo anapatukana pang'onopang'ono. Anasonyeza kuti gombe la kum'mawa kwa South America limalumikizana bwino ndi la kumadzulo kwa Africa, ndiponso kuti zotsalira za nyama ndi zomera zakale zofanana zimapezeka mbali zonse ziwiri za nyanja. Akatswiri ambiri a miyala anakana ganizoli, makamaka chifukwa Wegener sanapereke chifukwa chokhutiritsa cha mphamvu imene ingasunthe kontinenti yonse. M'zaka za m'ma 1960, kuyeza pansi pa nyanja kunasonyeza kuti pansipo pakufutukuka, ndipo ganizoli linayamba kuvomerezedwa."

Funso likuti: malinga ndi ndimeyi, n'chifukwa chiyani akatswiri ambiri anakana ganizo la Wegener? Mayankho ndi anayi. A akuti umboni wa zotsalira za nyama unali wabodza. B akuti Wegener anali katswiri wa zanyengo, osati wa miyala. C akuti sanalongosole mokwanira chimene chimayendetsa makontinenti. D akuti akatswiri onse ankakhulupirira kuti mtunda sungasunthe.

Musanayang'ane mayankhowo, aphimbeni ndi dzanja. Bwererani m'ndime, pezani chiganizo chachitatu, ndipo yankhani m'mawu anu: "sananene chimene chimakankha." Mukatsegula dzanja, C akudziitana yekha. Onani kuti C sanabwereze mawu a m'ndime. Ndime ikuti "mphamvu imene ingasunthe", iye akuti "chimene chimayendetsa". Umu ndi mmene yankho lolondola limakhalira nthawi zambiri: ganizo lomwelo m'mawu ena.

Atatu otsalawo ndi ofunika kuwaphunzira kuposa C, chifukwa misampha yake imabweranso pa mayeso aliwonse. A watenga mawu enieni a m'ndime, "zotsalira za nyama", n'kuwaphatikiza ndi ganizo limene ndime siinanene. Maso amakopeka ndi mawu amene awaona kale, ndipo okonza mayeso amadziwa zimenezi. D wakulitsa: ndime ikuti "ambiri", iye akuti "onse", ndipo wawonjezera chikhulupiriro chimene sichinatchulidwe. B ndiye woopsa kwambiri, chifukwa ndi woona. Wegener analidi katswiri wa zanyengo. Koma ndime siinanene zimenezo, ndipo funso layamba ndi "malinga ndi ndimeyi". Msampha umenewu umakola anthu odziwa zinthu kuposa osadziwa.

Pa IELTS pali mafunso amene muyenera kusankha True, False kapena Not Given, ndipo apa m'pamene ambiri amataya malikisi. Tiyese pa ndime yomweyi. "Wegener anamwalira ganizo lake lisanavomerezedwe." M'mbiri izi ndi zoona: anafera ku Greenland mu 1930. Koma ndime siinatchule imfa yake, choncho yankho ndi Not Given. "Akatswiri a miyala analandira ganizoli litangolengezedwa." Apa ndime ikunena zotsutsana nazo mwachindunji, choncho ndi False. Muyeso wake ndi uwu: musanalembe False, muyenera kuloza chiganizo chimene chikutsutsa. Ngati mukuchita kuganizira nokha kuti "n'kutheka kuti sizinali choncho", yankho ndi Not Given. Ndipo mukasaka kwa mphindi yoposa imodzi pamalo oyenera osapeza kanthu, lekani. Mafunso a mtundu umenewu amatsata dongosolo la nkhani, ndiye ngati yankho la funso 8 lili m'ndime yachitatu ndipo la funso 10 lili m'ndime yachinayi, la funso 9 lili pakati pamenepo kapena kulibe.

Mafunso ofuna zimene nkhani ikutanthauza popanda kunena poyera amaopsa anthu chifukwa amaganiza kuti akufunika kulosera. Ayi. Yankho lake limakhala phazi limodzi lokha kuchokera pa zolembedwa. Pa ndime ya Wegener, tinganene kuti umboni wa magombe ndi zotsalira za nyama paokha sunakwanire kukhutiritsa akatswiri ambiri. Sitinganene kuti akatswiriwo anali ansanje kapena ouma mitu. Pakati pa mayankho awiri, sankhani lodzichepetsa, limene ndime ingalichirikize mawu ndi mawu. Mukatsala ndi awiri, lekani kufunsa kuti labwino ndi liti. Funsani kuti ndi liti limene lili ndi mawu amodzi osachirikizidwa. Yankho likakhala lolondola mbali zonse kupatula mawu amodzi, ndi lolakwika lonse.

Mafunso a mfundo yaikulu ali ndi misampha iwiri: yankho lopapatiza, lonena za ndime imodzi yokha, ndi lotakata kwambiri, limene lingakwane buku lonse. Timawu tanu ta pambali tija tithandiza apa. Yankho lolondola liyenera kukhudza ndime zonse.

Anthu amafunsa kawirikawiri ngati ayambe ndi mafunso kapena nkhani. Zimadalira mayeso ake. SAT ya pakompyuta ili ndi tinkhani tatifupi ta mawu 25 mpaka 150, kalikonse ndi funso limodzi, ndipo mafunso 54 amayankhidwa m'mphindi 64, kutanthauza masekondi pafupifupi 71 pa funso. Pamenepo werengani funso kaye kuti mudziwe chimene mukusaka. Pa nkhani yaitali ya mafunso 13 kapena 14, palibe amene angasunge mafunso onsewo m'mutu kwinaku akuwerenga. Ingoonani mitundu ya mafunso kwa masekondi 30, kenako werengani nkhani. Mayankho osankhapo musawawerenge musanawerenge nkhani, chifukwa atatu mwa anayi aliwonse ndi abodza ndipo amakhazikika m'mutu ngati kuti munawawerenga m'nkhani. Mayeso amasinthasintha kapangidwe kake, choncho tsimikizani chiwerengero cha mafunso ndi nthawi kwa eni mayesowo musanayambe kukonzekera.

Mawu ndi zimene mukudziwa kale

Njira zonsezi zili ndi malire. Sizingapulumutse munthu amene sakudziwa mawu a m'nkhani. Kafukufuku wa Hu ndi Nation wa mu 2000 anasonyeza kuti wowerenga amafunika kudziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 aliwonse kuti amve nkhani bwino popanda thandizo. Pa nkhani ya mawu 700, amenewo ndi mawu 14 achilendo. Mukatsika kufika pa 95 pa 100, achilendo akhala 35, mawu amodzi pa 20 aliwonse, ndipo kuganizira tanthauzo kuchokera pa mawu oyandikana kumayamba kukanika popeza oyandikanawo nawonso ndi achilendo. Yesani nokha: tengani nkhani imodzi ya mayeso akale, lembani mzere kunsi kwa mawu aliwonse amene simungawamasulire, muwerenge kuti alipo angati. Akapitirira 5 pa 100, ntchito yanu yaikulu m'miyezi ikubwerayi ndi mawu, osati machenjera oyankhira.

Poyambira pabwino ndi Academic Word List imene Averil Coxhead anatulutsa mu 2000. Ili ndi mabanja a mawu 570 (banja ndi mawu ochokera ku tsinde limodzi) amene amapezeka kawirikawiri m'zolemba zamaphunziro a mitundu yonse. Mabanja 10 pa tsiku akutengerani masiku 57. Musawalembe pamndandanda wouma. Mawu aliwonse alembeni pamodzi ndi chiganizo chimene munawapezamo, ndipo dziyeseni nokha mawa lake, patatha masiku atatu, patatha sabata, kenako patatha mwezi. Samalani kwambiri ndi mawu wamba amene ali ndi matanthauzo awiri, monga qualify, check kapena novel, chifukwa mafunso a tanthauzo la mawu amakonda tanthauzo lachiwirilo. Funso lotere likabwera, phimbani mawuwo, ikani anu pamalopo, kenako sankhani yankho loyandikira anuwo.

Zimene mukudziwa kale za mutu wa nkhani zimathandizanso kwambiri. Mu 1988 Donna Recht ndi Lauren Leslie anapatsa ana a sukulu nkhani yofotokoza masewera a baseball. Ana ofooka powerenga koma odziwa masewerawo anakumbukira ndi kumvetsa zambiri kuposa ana owerenga bwino koma osawadziwa. Izi sizikutsutsana ndi zija za msampha wa B. Zimene mukudziwa zimakuthandizani kuwerenga msanga ndi kumva bwino. Kungoti siziloledwa kukhala umboni wa yankho. Nkhani za pa mayeso zimachokera ku sayansi ya zamoyo, zakuthambo, mbiri yakale, chikhalidwe cha anthu, zachuma ndi zaluso. Choncho werengani mphindi 30 tsiku lililonse kuchokera m'magazini ndi m'nyuzipepala zolembedwa mozama, ndipo dala muzisankha mitu imene simuikonda. Amene amathawa nkhani za sayansi pokonzekera amakakumana nazo m'chipinda cha mayeso, kumene kulibe kothawira.

Mukamaliza nkhani iliyonse, itsekeni n'kulemba chifupikitso cha ziganizo zitatu kuchokera m'mutu. Izi n'zowawa kuposa kungoiwerenganso, koma n'zimene zimagwira ntchito. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anasonyeza mu 2006 kuti ophunzira amene anawerenga nkhani mobwerezabwereza anachita bwino atayesedwa patangopita mphindi zisanu, koma patatha sabata amene anadziyesa pokumbukira ndiwo anasunga zambiri. Kuwerenganso kumakupangitsani kumva ngati mukudziwa chifukwa mawu akuoneka ozolowereka. Kukumbukira popanda kuona kumakuonetsani pamene pali mpata.

Kuyeserera kumene kumasintha malikisi

Cholakwika chachikulu pokonzekera ndi kuyankha mapepala ambiri, kuona malikisi, n'kupita pa pepala lina. Munthu akhoza kumaliza mapepala 20 motero malikisi osasuntha, chifukwa akubwereza zolakwa zomwezo. Nkhani imodzi younikidwa bwino imaposa zisanu zongodutsamo.

Chitani chonchi. Yankhani nkhani imodzi ndi wotchi, ndipo funso lililonse limene mwakayika liikeni kadontho. Nthawi ikatha musaone mayankho. Tengani cholembera cha mtundu wina, muyankhenso mafunso onse a kadontho popanda wotchi, ndipo pa yankho lililonse lembani nambala ya mzere umene ukulichirikiza. Mukatero m'pamene muone mayankho. Tsopano muli ndi malikisi awiri, ndipo kusiyana kwake kukuuzani matenda anu. Ngati popanda wotchi mwakhoza pafupifupi zonse, kumvetsa kulipo ndipo vuto ndi kagawidwe ka nthawi kapena mantha. Ngati mwalakwabe ngakhale nthawi inalipo, wotchi ichotseni kwa masabata awiri kapena atatu, chifukwa kuthamangitsa chinthu chimene simunachidziwe kumangokhwimitsa chizolowezi choipa. Mafunso amene mwalakwa muli otsimikiza, opanda kadontho, ndiwo ofunika kuwakhalira pansi kuposa onse.

Khalani ndi kope la zolakwa. Pa funso lililonse limene mwalakwa kapena mwakhoza mwamwayi, lembani mtundu wa funso, yankho limene munasankha, chimene chinakukopani, ndi mzere umene unali ndi yankho lenileni. Chifukwa chake chilembeni mosabisa: sindinadziwe mawu, ndinadumpha "ngakhale", ndinasokoneza wolemba ndi womutsutsa, ndinabweretsa zanga zakunja, ndinawerenga funso molakwika, ndinasankha chifukwa mawu anafanana. "Sindinasamale" si chifukwa, popeza sichikuuzani choti musinthe. Zolakwa zikafika 30 kapena 40, ziwerengeni m'magulu. Kawirikawiri magulu awiri okha ndiwo amadya malikisi ambiri, ndipo masabata otsatira muwapereke kwa awiriwo. Gwiritsani ntchito mafunso ochokera kwa eni mayeso enieni. Mafunso ena aulere a pa intaneti amakhala ndi mayankho awiri olondola kapena alibe n'limodzi lomwe, ndipo amakuphunzitsani kukayikira maganizo abwinobwino.

Ngati mwatsala ndi masabata 8, anayi oyamba akhale a kuwerenga tsiku lililonse, mawu, ndi nkhani zitatu pa sabata zounikidwa mozama popanda wotchi. Awiri otsatira bweretsani wotchi pa nkhani imodziimodzi. Awiri omaliza lembani gawo lonse nthawi imodzi, kawiri pa sabata, pa ola limene mayeso enieni adzachitike, foni ili kutali. Ngati mudzalembera pakompyuta, yesererani pakompyuta. Kuwerenga kwa ola lathunthu osaima kumafuna mphamvu imene imakula ndi chizolowezi, ndipo anthu ambiri amalakwa kwambiri pa nkhani yomaliza chifukwa cha kutopanso.

Tsiku la mayeso nthawi muigawe musanayambe. Pa IELTS nkhani yachitatu imakonda kukhala yovuta kuposa yoyamba, choncho m'malo mwa mphindi 20 iliyonse, yesani 17, 20 ndi 23. Pa gawo lowerengali palibe nthawi yapadera yokoperera mayankho, ndiye ngati mukulembera papepala, lembani pa pepala la mayankho pomwe mukumaliza nkhani iliyonse. Malangizo akati mawu asapitirire awiri, mawu atatu ndi kulakwa ngakhale ganizo lili lolondola, ndipo kalembedwe ka mawu kakhale monga kalili m'nkhani. Funso likakudyerani masekondi 90 osaona njira, chotsani mayankho amene mukudziwa kuti ndi olakwika, sankhani limodzi mwa otsala, ikani chizindikiro, mupitirire. Mafunso a nkhani imodzi ali ndi malikisi ofanana, ndipo funso lovuta limodzi likhoza kukulandani atatu osavuta amene ali kutsogolo. Pa IELTS, SAT ndi GRE sachotsa malikisi chifukwa cha yankho lolakwika, choncho mphindi ziwiri zomaliza zikhale zodzaza mpata uliwonse umene watsala.